Kalata yotseguka: tikonzereni dooko la ku Elephant Marsh kuti mabanja azitsikira kuchigwa cha Shire

Olemekezeka a Nduna yoona zokopa alendo, akuluakulu a nthambi yoyang'anira nyama zakutchire, abwanamkubwa a maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komanso inu mafumu athu a m'chigwa chino,

Ndalemba kalatayi poyera kuti ndikupempheni chinthu chimene sichilira mabiliyoni, koma chakhala zaka zambiri chikusowa wochigwira. Pempho langa ndi lakuti mukonze dooko limodzi lodziwika bwino ndiponso lotetezeka m'mbali mwa dambo la Elephant Marsh, pamene banja la Mmalawi wamba lingathe kufika ndi ana, kukwera bwato, kuzungulira m'dambomo kwa maola awiri kapena atatu, n'kubwerera kwawo onse ali amoyo ndiponso osadandaula kuti awabera pamtengo. Zina zonse zimene nditchule m'munsimu zikutsamira pa pempho limeneli.

Mukudziwa inunso kuti tchuthi chikafika, kaya ndi cha Khirisimasi, cha Pasaka kapena cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, mabasi odzaza ndi amayi a mvano, magulu a banki m'khonde ndi mabanja a m'tauni amalunjika ku Mangochi, ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay. Palibe cholakwika pamenepo, pakuti nyanja ya Malawi ndi yokongola ndipo mchenga wake ana amaukonda. Chimene chimandiwawa n'chakuti banja la ku Ndirande kapena ku Chilomoni limalolera kuyenda makilomita pafupifupi 200 kupita ku Mangochi, pamene Chikwawa ili pa mtunda wa makilomita ngati 50 okha kuchokera ku Blantyre, ndipo madzi amene akuwalondola kunyanjako ndi omwewo amene amatuluka ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde, kugwa pa mathithi a Kapichira, n'kudzafalikira m'dambo lathu asanapitirire ku Zambezi. Anthuwo satsika phiri la Thabwa chifukwa sanamvepo kuti kuno kuli chokaona, ndipo ochepa amene anamvapo sadziwa kuti akafika afunse ndani.

Dambo la Elephant Marsh si chithaphwi chongodutsapo. Lili pakati pa Chikwawa ndi Chiromo, kumene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ndipo pamene linalembedwa m'chaka cha 2017 pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika kwambiri padziko lonse, kukula kwake kunaikidwa pa mahekitala oposa 61,000. Linali dambo lachiwiri m'dziko muno kulandira ulemu umenewo, loyamba likhala nyanja ya Chilwa. David Livingstone, podutsa kuno mu 1859, analemba kuti anaona njovu pafupifupi 800 nthawi imodzi. Njovuzo zinatha kalekale ndi mfuti za alenje a minyanga, koma mbalame zam'madzi zilipo zikwizikwi, ndipo m'kati mwa bango ndi gumbwa muli timanyanja tabata monga ka ku Bangula, m'mene madzi amakutidwa ndi maluwa a kakombo mpaka bwato kumachita kung'amba njira. Mwana amene wangozolowera kuona nkhwazi pa chizindikiro cha boma angaione kuno ikutsika n'kunyamula nsomba patsogolo pake, ndipo akakowa, atsekwe ndi mphipi zimakhala zochuluka moti amatopa nako kuwerenga.

Tsono onani mmene ulendo wotere umayendera lero. Mlendo amene walimba mtima amafika kumidzi ya cha ku Makhanga, monga kwa Mchacha James kumene anthu ofuna mbalame akhala akukwerera mabwato, atagwedezeka mokwanira pa msewu wa ku East Bank wochokera ku Thabwa kudzera ku Masenjere ndi ku Muona, umene mvula ikangogwa umasanduka nkhani ina. Akafika sapeza chikwangwani, mthunzi wokhalapo, chimbudzi kapena munthu amene ntchito yake ndi kulandira alendo. Amazunguliridwa ndi anyamata, aliyense akutchula mtengo wake molingana ndi nsapato zimene mlendoyo wavala, ndipo akagwirizana amamulowetsa m'bwato logoba la msodzi, lonunkha mlamba wa usiku wathawo. Amakhala pansi penipeni, mawondo ali pachibwano, madzi akulowera pa mng'alu umene anaumata ndi nsanza ndi phula, pamene mwana wa mwini bwato ali kumbuyo kukapa madziwo ndi chigubu chodula pakati. Wopalasayo amalidziwa dambolo ngati khonde la nyumba yake, amadziwa ngalande imene mvuu zimagona ndi imene ng'ona yaikazi ikulondera mazira, ndipo luso lakelo sindilinyoza ngakhale pang'ono. Koma ndikufunseni, olemekezeka: ndani mwa inu angaike mdzukulu wake wa zaka zisanu m'bwato limenelo wopanda chomuyandamitsa litagubuduka?

Sindikufuna kubisa zoopsa za m'madzi athu pofuna kukometsa malonda. Ng'ona ndi mvuu zimapha ndi kulumaza anthu m'chigwa muno chaka ndi chaka, ndipo zipatala za ku Chikwawa ndi ku Nsanje zimalandira asodzi ndi amayi ogwidwa akutunga madzi kapena akukumba nyika, mizu ya kakombo, m'nyengo ya njala. M'madzi odikha muli likodzo, ndipo udzudzu wa kuno ndi wosagona. Chifukwa cha zimenezi, ulendo wa mabanja sungasiyidwe m'manja mwa mwayi. Pakufunika kuti opalasa onyamula alendo alembedwe m'kaundula mogwirizana ndi makomiti a asodzi ndi mafumu a m'deralo, aphunzitsidwe kupulumutsa munthu pamadzi ndi kupereka chithandizo choyamba, ndipo apatsidwe mabwato amatabwa otakasuka okhala ndi pokhala, ngati amene amawolotsa anthu pa Mtayamoyo pakati pa Bangula ndi Chiromo, koma osamalidwa bwino ndi osadzazitsa. Majekete oyandamitsa munthu akhalepo okwanira, makamaka ang'onoang'ono a ana, chifukwa jekete la munthu wamkulu limavuka mwana akangogwera m'madzi. Mtengo wa ulendo ulembedwe pa bolodi m'Chichewa, m'Chisena ndi m'Chingerezi, pamodzi ndi chiwerengero cha anthu oyenera kukwera bwato limodzi, nthawi yonyamukira ndi nthawi imene mabwato onse ayenera kukhala atakocheza dzuwa lisanalowe, pakuti madzulo ndi pamene mvuu zimayamba kuyendayenda. Pakhalenso chenjezo la zilembo zikuluzikulu lakuti pano sasambira, popeza mwana wozolowera ku Salima amaganiza kuti madzi alionse ndi osewereramo.

Ndikudziwa yankho limene limabwera msanga nkhani yotere ikafika m'maofesi: kuti kuchigwa kumasefukira madzi, ndiye chilichonse chomangidwa kumeneko ndi ndalama zotaya. N'zoona kuti madzi a mu Januwale 2015 anakokolola midzi ya ku Makhanga, kuti mu 2019 tinaonanso zoopsa, kuti namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira mpaka makina opanga magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 anaima kwa nthawi yoposa chaka, ndiponso kuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anatisiya tili m'misasa. Koma asodzi akhala akugwira ntchito m'dambo lomweli kupyola masautso onsewa, chifukwa amadziwa kuti chimene madzi angachitenge sumachimangira simenti m'mphepete mwa mtsinje. Dooko limene ndikupempha lisakhale chinyumba cha magalasi. Likhale chisakasa chachikulu cha mthunzi, mlatho waufupi wamatabwa wotheka kuzula mvula ikayandikira, ndipo zimbudzi, mjigo ndi kachipinda kosungira majekete zimangidwe pamtunda pamene akuluakulu a m'mudzi angakulozereni kuti madzi sanafikepo. Ntchito ya alendo iziyamba madzi akaphwera, cha mu Meyi, n'kutsekedwa mvula yoyamba ikagwa.

Nkhani ya nyengo ndi yofunika kuinena mosapita m'mbali pamene mukulengeza za dera lino. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Nsanje kumapyola madigiri 40, ndipo banja lobwera ndi khanda nthawi imeneyo lidzatitukwana ulendo wonse wobwerera. Koma mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene anthu a ku Blantyre ndi ku Thyolo akunjenjemera ndi chiperoni, kuno kumakhala kofunda bwino, udzudzu umachepako, misewu imakhala youma, ndipo nyama zimasonkhana pa madzi ochepa amene atsala. Tchuthi cha pa 6 Julayi komanso tchuthi chachitali cha ana asukulu zimagwera m'nyengo yomweyi, ndipo ndi nthawi imenenso mphepo ya mwera imavutitsa osambira kunyanja. Mwayi woterewu ndi woti nthambi yanu iziulengeza pa wailesi chaka chilichonse.

Kuti zinthu zikhoza kusintha m'chigwa muno, umboni tili nawo ku Majete. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 70,000, inali itatsala pang'ono kutheratu nyama. Boma litagwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2003, zipembere zinabwezedwamo chaka chomwecho, njovu zinayamba kubwera mu 2006, mikango mu 2012, akadyansonga mu 2018, ndipo akakwiyo ndi mimbulu zinatsatira mu 2019 ndi 2021. Njovu zinaswana mpaka zina zinatengedwa, pamodzi ndi za ku Liwonde, pa ntchito yosamutsa njovu pafupifupi 500 kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017. Lero anthu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzagona kumeneko. Komabe mlendo wa ku Majete amatsika Thabwa, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kukhota kulowa m'nkhalango, n'kubwerera njira yomweyo osagulako ngakhale masawu a mayi wa pa Dyeratu. Chikanakhalapo chomukoka kuti apitirire kummwera tsiku limodzi lokha, ndalama yake ikanagona ku Nchalo kapena ku Bangula, ikanagula nsomba yowamba, mphasa, madengu a mlaza ndi mafuta a njinga zamoto za anyamata athu. Dambo ndi limene lingamukoke, chifukwa ulendo wa m'bwato pakati pa kakombo ndi mbalame sangaupeze m'nkhalango youma.

Pakati pa Majete ndi dambolo pali Lengwe, imene kwa ine ndi malo oyenera ana kuposa ena onse m'chigwa muno. Inakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970, ndipo imadziwika ndi boo, mphalapala yamizeremizere imene yamphongo imakhala yakuda ndi yaubweya wolendewera pakhosi, pamene yaikazi ndi yofiirira. Ku Lengwe kuli tinyumba tobisalamo tomangidwa pafupi ndi zitsime zimene nyama zimamwera, kotero kuti simufunika kuthamangitsana nazo pa galimoto. Mumangokwera makwerero mbandakucha, kukhala chete pa benchi, n'kumadikira. Zimayamba nkhanga, kenaka anjiri akubwera michira ili m'mwamba n'kugwada pomwa madzi, anyani akukanganirana malo, ndipo pambuyo pake boo amatuluka m'zitsamba pang'onopang'ono, kuponda kamodzi n'kuima, makutu ali tcheru, mpaka atatsimikiza kuti palibe choopsa. Tsiku lamwayi gulu la njati limafika ndi fumbi lake. Mwana wopulupudza amene kunyumba sakhala pansi amatha ola lathunthu pamenepo osatulutsa mawu, ndipo kholo lililonse limadziwa kuti zimenezo si zamasewera.

Vuto la ku Lengwe, limenenso lili ku Majete ndi ku nkhalango ya Mwabvi ku Nsanje, ndi lakuti malowa anakonzedwera munthu wokhala ndi galimoto yakeyake. Mtengo wolowera wa Mmalawi ndi wotsikirapo poyerekeza ndi wa mlendo wakunja, ndipo pamenepo tikuthokoza, koma kutsika kwa mtengowo kulibe phindu kwa mphunzitsi kapena namwino amene watsika minibasi pa Nchalo ndi ana atatu, pakuti sangalowe m'nkhalango ya njati pa kabaza. Ndikupempha kuti nthambi yoyang'anira nyama ikhale ndi galimoto imodzi yotseguka yonyamula anthu pa Nchalo Loweruka lililonse m'miyezi yozizira, pa mtengo wolengezedwa, kuwazungulitsa ku Lengwe m'mawa limodzi ndi mlonda wa nyama wofotokoza m'chinenero chawo. Galimoto yomweyo, kapena ina ya wabizinesi amene mwagwirizana naye, ingathe kupitiriza nawo ku dooko tsiku lotsatira. Ngati kufika kutsidya la kummawa kukuvuta chifukwa njira ya pa Chiromo inaduka kuyambira pamene madzi anaikokolola mu 1997, akatswiri anu aunike mbali ya ku Bangula, imene ili m'mphepete mwa msewu wa tara wa M1. Kusankha malo ndi ntchito yanu pamodzi ndi eni dera. Changa n'chakuti malowo akhale amodzi, odziwika, ofikika pa minibasi.

Pali gulu lina la alendo limene sililowa m'mabuku anu a ziwerengero, koma ndi limene ndikulidera nkhawa kwambiri, ndilo ana a m'chigwa momwemo. Mwana wa kwa Chapananga, kwa Ngabu kapena kwa Mlolo amakula akudziwa mvuu ngati chilombo chotha chimanga cha kudimba usiku umodzi, njati ngati chimene chinavulaza amalume ake, ndipo mlonda wa nyama ngati munthu wa mfuti wolanda nkhuni. Palibe amene anamukhazikapo pa benchi ya ku Lengwe kuti aone nyama zomwezo zili pa mtendere. Mwanayo akakula n'kuyamba kutchera misampha ya waya kapena kuotcha makala m'nkhalango, timamutcha mbava, pamene sitinamupatse chifukwa chilichonse chokondera zimene tikumuletsa kuononga. Ulendo umodzi wa ana a Sitandade 7 pa sukulu iliyonse yoyandikana ndi malowa, wolipiridwa ndi khonsolo, ungachite zimene misonkhano yambiri ya pansi pa mtengo yalephera. A ku Majete akhala akutengera ana asukulu m'nkhalango yawo, ndipo chimenechi n'choyenera kutengera ku Lengwe ndi ku dambo.

Malo a mbiri yakale nawo alipo oti banja lingapatukireko popanda kuonjezera ndalama zambiri. Manda a Richard Thornton, mnyamata wodziwa za miyala amene anamwalira mu 1863 ali pa ulendo wa Livingstone, ali cha ku Kapichira, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anaikidwa pafupi ndi Chiromo mu 1862. Chimene chikusowa ndi zikwangwani ndi njira zolambulidwa. Za kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amene anaikidwa mu 2011 pa mndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ngati chuma cha dziko lonse lapansi, ndingonena kuti amenewo si malo ojambulirapo zithunzi mwachisawawa, ndipo wolowa ndi wosalowa azinenedwa ndi Mfumu Yaikulu Lundu pamodzi ndi akuluakulu osunga malowo, osati ndi wogulitsa maulendo wa mumzinda.

Ife a kuno tili ndi chifukwa choopera malonjezo akuluakulu. Mu Okutobala 2010 tinavina pa mwambo wotsegulira doko la Nsanje, atsogoleri a mayiko oyandikana nafe ali pomwepo, titauzidwa kuti sitima zapamadzi zizidzafika kuchokera kunyanja yamchere, ndipo mpaka lero simenti ija ikungowombedwa ndi dzuwa. N'chifukwa chake sindikupempha hotela ya nyenyezi zisanu kapena bwalo la ndege. Masomphenya a Malawi 2063 amatchula zokopa alendo ngati njira imodzi yotukulira dziko, mahotela amatolera msonkho wa zokopa alendo kwa aliyense wogona, makhonsolo ali ndi thumba la chitukuko, ndipo palinso ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu a m'chigwa muno. Mabwato anayi, majekete makumi angapo, mjigo, zimbudzi ndi chisakasa sizingagonjetse matumba onsewa ataphatikizana. Ngalande yaikulu yothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene ikutenga madzi ku Kapichira, yaonetsa kuti boma likafuna limatha kubweretsa makina ndi akatswiri kuchigwa kuno. Ndingopempha kuti pogawa madziwo muzikumbukira kuti dambo nalo limamwa mu Shire yemweyo, ndipo likauma sipadzakhala nsomba, mbalame kapena mlendo.

Kwa inu mafumu athu ndili ndi mawu apadera, ndipo ndikuwanena mwaulemu wonse. Dooko likangoyamba kubweretsa ndalama, padzabwera anthu a zikwama kudzafuna malo a m'mbali mwa madzi, ndipo kunyanja taona midzi ya asodzi ikutchingidwa ndi mipanda mpaka eni dera kusowa pokocheza bwato ndi pochapira. Musadzalole kuti zimenezo zichitike kuno. Malo a dooko alembedwe kuti ndi a mudzi, opalasa akhale ana a m'dera lomwelo, amayi akhale ndi pogulitsira nsomba, mbatata ndi zoluka zawo, ndipo gawo la ndalama zolowera lizilengezedwa pa msonkhano wa mudzi kuti lagwira ntchito yanji. Magule athu monga utse ndi likhuba, komanso oimba ulimba, azilipidwa mtengo wogwirizana pasadakhale akavinira alendo, asamangoponyeredwa makobidi m'fumbi. Asodzi nawo afunsidwe za ngalande zimene mabwato a alendo azidutsa, kuti asamadule maukonde ndi miono ya anthu amene dambolo ndi munda wawo.

Pempho langa lomaliza ndi la tsiku. Ndikupempha abwanamkubwa a Chikwawa ndi Nsanje kuti, madzi a chaka chino akangophwera, aitanitse msonkhano umodzi wochitikira m'mbali mwa dambo momwemo, osati m'chipinda cha hotela ku Blantyre, pamene padzakhale a nthambi ya nyama zakutchire, a zausodzi, a zaumoyo, apolisi, mafumu ndi opalasa mabwato eni ake. Pa msonkhanowo musankhe malo a dooko, mutchule ofesi imene idzayankhe pa ntchitoyi, ndipo mulengeze pa wailesi za m'madera mwezi umene bwato loyamba lidzanyamule mabanja. A Nduna, mukadzabwera kudzayendera ntchitoyi, mudzabwere mu Julayi ndipo mudzatenge ana a kunyumba kwanu, kuti majekete ang'onoang'ono aja adzayesedwe inu mukuona.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Bangula, Nsanje